Dziko likamakalamba, ndani amasunga ndalama? Zomwe zachitika ku Japan

Pakati pa zaka za m'ma 1970, mabanja a ku Japan ankasunga pafupifupi mayeni 23 (yeni ndi ndalama ya ku Japan) pa mayeni 100 aliwonse amene ankawatsalira msonkho ukadulidwa. Anali m'gulu la anthu osunga kwambiri pa maiko onse olemera, ndipo ambiri akunja ankati n'chibadwa basi: Mjapani ngwosamala, sadyeratu zonse lero. Koma m'chaka cha boma cha 2013 chiwerengero chomwecho chinatsika mpaka kupitirira ziro. Kwa nthawi yoyamba chiyambire kuwerengera zimenezi mu 1955, mabanja onse pamodzi anagwiritsa ntchito ndalama zambiri kuposa zimene anapeza. N'zoona kuti chaka chimenecho anthu anathamangira kugula katundu msonkho wa m'sitolo usanakwere mu Epulo 2014, koma kutsikaku kunali kutayamba kalekale. Ngati kusunga chinali chibadwa, chinatha bwanji m'zaka zosakwana 40?

Anthu sanasinthe mtima kwenikweni. Chimene chinasintha ndi msinkhu wa anthu okhala m'dzikomo, pamodzi ndi yankho la funso lakuti munthu akakalamba amusamala ndani.

Tisanapite patali, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimasokoneza nkhaniyi. Pali ndalama zimene mabanja akuwonjezera chaka chino, ndiye pali chuma chimene anaunjika kale. Zili ngati nkhokwe: chimanga chimene mwathiramo chaka chino ndi china, chimene chili kale m'nkhokwemo ndi chinanso. Ku Japan zothiramo zinachepa kwambiri, pomwe nkhokweyo ndi yodzaza kuposa kale. Kumapeto kwa 2021 chuma cha mabanja cha m'mabanki, m'mainshuwalansi, m'mapenshoni ndi m'masheya chinapitirira mayeni 2,000 thiriliyoni. Zonse ziwirizi n'zoona nthawi imodzi, ndipo kukalamba kwa dziko ndiko kukufotokoza zonse.

Akatswiri a zachuma akamakamba za msinkhu ndi kusunga ndalama amayambira pa ganizo limene Franco Modigliani ndi wophunzira wake Richard Brumberg anatulutsa m'ma 1950, lomwe linathandiza kuti Modigliani alandire mphotho ya Nobel mu 1985. Ganizoli ndi losavuta. Munthu safuna kudya bwino zaka zina n'kugona ndi njala zaka zina, choncho amayesetsa kuti moyo wake ukhale wofananako kuyambira ku unyamata mpaka ku imfa. Ali wachinyamata amapeza zochepa, mwinanso amakongola. Pakati pa moyo malipiro amakwera, ana amachoka pakhomo, ndipo ino ndiyo nthawi yosunga. Akapuma pa ntchito amayamba kutapa zomwe anasungazo. Mukaphatikiza anthu onse a m'dziko, kuchuluka kwa ndalama zosungidwa kumadalira kuti osunga alipo angati ndipo otapa alipo angati. Dziko lodzaza ndi anthu a zaka 40 ndi 50 lisunga zambiri. Lodzaza ndi opuma pa ntchito lisunga zochepa, ngakhale munthu aliyense atakhala wosamala chimodzimodzi ngati makolo ake.

Japan inakalamba mofulumira kuposa maiko amene anaitsogola. Mu 1970 anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo anali 7 peresenti. Mu 1994 anafika 14 peresenti, ulendo wa zaka 24 zokha, pomwe France inatenga zaka zoposa 100 kuyenda mtunda womwewo. Mu 2023 anali pafupifupi 29 peresenti. Zifukwa zake n'ziwiri zodziwika: anthu akukhala zaka zambiri, amayi pafupifupi 87 ndipo abambo pafupifupi 81, komanso ana akubadwa ochepa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, kuyambira 1947 mpaka 1949, ana pafupifupi 2.7 miliyoni ankabadwa chaka chilichonse. Mu 2024 obadwa sanakwane 700,000. Gulu lalikulu lija la m'ma 1940 ndilo linafika zaka 65 kuyambira mu 2012. Pofika 2025 onse anali atakwanitsa zaka 75. Charles Yuji Horioka, katswiri wa zachuma amene wakhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ananena kale kuti kusunga kudzatsika kwambiri dziko likamakalamba, ndipo kafukufuku wa boma wa ndalama za m'mabanja amaonetsadi kuti makomo a okalamba osagwira ntchito amagwiritsa ntchito zambiri kuposa zimene amalandira mwezi ndi mwezi.

Komabe msinkhu wokha sukanafikitsa chiwerengero pa 23 peresenti. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 Mjapani anali ndi zifukwa zambiri zosungira. Penshoni ndi inshuwalansi ya chipatala ya anthu onse zinayamba mu 1961, ndipo penshoniyo inali yochepa mpaka mu 1973 pamene boma linaikweza kwambiri. Ngongole zogulira nyumba kapena katundu wa m'nyumba zinali zovuta kupeza, choncho wofuna nyumba ankayenera kuunjika kaye. Malipiro ankakwera chaka ndi chaka mofulumira kuposa mmene anthu ankasinthira kadyedwe kawo. Makampani ankapereka bonasi yaikulu kawiri pa chaka, ndalama yobwera nthawi imodzi imene imasungika mosavuta. Boma nalo silinangokhala chete. Positi ofesi inkalandira ndalama zosunga kuyambira mu 1875 ndipo inafika mpaka m'midzi yakutali. Mu 1952 kunakhazikitsidwa bungwe lolimbikitsa kusunga ndalama m'dziko lonse, m'masukulu ambiri munali timabanki ta ana, ndipo amayi ankalimbikitsidwa kulemba zolowa ndi zotuluka m'buku la pakhomo lotchedwa kakeibo. Chiwongoladzanja cha ndalama zosunga zosapitirira mulingo wina sichinkadulidwa msonkho, mpaka mwayiwu unachotsedwa kwa anthu ambiri mu 1988. Chimene alendo ankachitcha chibadwa, mbali yaikulu chinali chinthu chomangidwa dala, ndipo zipilala zake zinagwa chimodzichimodzi pa nthawi yomwenso anthu ankakalamba.

Okalamba amene sakudya chuma chawo

Apa ndi pomwe ganizo la Modigliani limatsimphina. Likanakhala loona mpaka kumapeto, munthu akanamwalira atatsala ndi zochepa zedi. Koma okalamba a ku Japan amatapa pang'onopang'ono kwambiri, ndipo ambiri amamwalira mbali yaikulu ya chuma chawo isanakhudzidwe. Pafupifupi 60 peresenti ya chuma cha mabanja ili m'manja mwa makomo amene mutu wake uli ndi zaka 60 kapena kuposerapo. Pafupifupi theka la chuma chonsecho ndi ndalama zongokhala kubanki kapena m'nyumba, ngakhale kuti kuyambira mu 1999 chiwongoladzanja chinakhala pafupi ndi ziro kwa zaka zoposa 20. Ndalama zobisa m'madirowa n'zochuluka moti akuba a pa foni, onamizira kukhala mwana kapena mdzukulu amene wagwa m'mavuto, anasandutsa okalamba munda wawo.

N'chifukwa chiyani munthu wa zaka 80 akuumira ndalama imene sadzatha kuidya? Choyamba n'chakuti sadziwa tsiku lake. Moyo ukatalika, chimene chimaopsa kwambiri si kufa msanga koma kukhalitsa ndalama zitatha. Wopuma pa ntchito ali ndi zaka 65 sangakonzekere zaka 15 zokha. Ayenera kuganiza kuti mwina afika 95, ndipo zaka zomalizazo n'zimene zimadya ndalama, chifukwa cha matenda ndi kufuna womusamala. Boma linayambitsa inshuwalansi ya chisamaliro cha okalamba mu 2000, imene aliyense amayamba kusonkha akafika zaka 40, koma wosamalidwayo amalipirabe gawo lina, ndipo chakudya ndi malo ogona ku nyumba zosamalira okalamba nthawi zambiri zimachoka m'thumba mwake.

Chachiwiri, chomwe ine ndimaona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ndi kusintha kwa banja. Kale mwana wamwamuna wamkulu ankakhala ndi makolo ake n'kudzalowa nyumba ndi munda, ndipo mkazi wake ndiye ankasamala apongozi. Mu 1980, theka la makomo okhala ndi munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo anali a mibadwo itatu: agogo, makolo ndi adzukulu pansi pa denga limodzi. Pofika 2019 makomo otere anali osakwana 10 peresenti. Ana anapita ku Tokyo ndi ku Osaka, amayi ambiri ali pa ntchito, ndipo kalembera wa 2020 anapeza kuti 38 peresenti ya makomo onse ndi a munthu mmodzi. Chisamaliro chimene kale chinkachokera kwa mpongozi, lero chiyenera kugulidwa. Ana akasiya kukhala penshoni ya makolo awo, makolowo amafunafuna penshoni ina, ndipo yapafupi ndi buku la kubanki.

Kukula kwa manthawa kunaonekera mu Juni 2019. Gulu la akatswiri la pansi pa bungwe la boma loyang'anira mabanki ndi misika ya ndalama, Financial Services Agency, linatulutsa lipoti losonyeza kuti banja la okalamba awiri osagwira ntchito limapereweredwa mayeni oposa 50,000 mwezi uliwonse, zomwe pa zaka 30 zimakwana pafupifupi mayeni 20 miliyoni. Anthu anakwiya, poti anamva ngati boma lavomereza kuti penshoni imene akhala akusonkhera moyo wonse siwakwanira. Zisankho zinali pafupi, ndipo nduna ya zachuma Taro Aso inakana kulandira lipotilo. Kukanako sikunafufute nambalayo m'mitu mwa anthu. Chodabwitsa n'chakuti lipotilo linkangofotokoza zomwe ganizo la Modigliani limayembekezera, zoti wopuma pa ntchito amatapa zomwe anasunga, koma omvera anazimva ngati chenjezo lakuti asunge kwambiri.

Zotsatira zake n'zakuti chuma chimazungulira pakati pa okalamba okhaokha. Kholo likamwalira lili ndi zaka 90, mwana wolandira chuma chamasiye ali kale ndi zaka 60 ndi kuposa. Nyumba anamanga kale, ana ake anamaliza sukulu, ndipo nayenso akuopa ukalamba wake, choncho ndalama ija imangochoka m'buku lina kupita m'buku lina. Pozindikira zimenezi, mu 2013 boma linalola agogo kupereka mpaka mayeni 15 miliyoni yolipirira maphunziro a mwana kapena mdzukulu popanda msonkho wa mphatso, kuti ndalama zitsikire kwa amene akuzifuna lero. Nyumba nazo, zimene makolo ankaona ngati chuma chosiyira ana, zambiri zasanduka mtolo: mu 2023 m'dzikomo munali nyumba pafupifupi 9 miliyoni zopanda wokhalamo.

Achinyamata ali ndi vuto losiyana. Iwo akufuna kusunga koma alibe chosunga. Chuma chitagwa kumayambiriro kwa m'ma 1990, makampani anachepetsa kulemba antchito okhazikika. Mu 1990 ogwira ntchito zosakhazikika, zamaganyu ndi zamakontrakiti, anali pafupifupi mmodzi mwa asanu. Lero ali pafupifupi 37 peresenti. Malipiro anaima kwa zaka pafupifupi 30, pomwe zodulidwa za penshoni ndi za chipatala zinkakwera kuti zikwanire okalamba ochulukawo. Wopanda ntchito yokhazikika savutika ndi kusunga kokha, amavutikanso kukwatira. Mu 1980 amuna amene anafika zaka 50 asanakwatirepo anali osakwana 3 peresenti. Mu 2020 anali pafupifupi 28 peresenti. Kusakwatirako kumachepetsa ana obadwa, ndipo kumachulukitsa anthu amene adzakalambe opanda mkazi, mwamuna kapena mwana. Kukalamba kwa dziko ndi kusintha kwa banja zikukokana.

Mu 2020 chiwerengero cha kusunga chinalumpha n'kupitirira 10 peresenti, koma chifukwa chake chinali mliri wa korona: anthu anali pakhomo osagula, ndipo boma linapatsa munthu aliyense mayeni 100,000. Mliri utadutsa chinatsikanso.

Kumene kukalamba kunachulukitsa kusunga

Wina angaganize kuti dziko lililonse lokalamba lidzatsata njira ya Japan. China ikuonetsa kuti si choncho nthawi zonse. Kumeneko lamulo la mwana mmodzi, limene linagwira ntchito kuyambira 1980 mpaka 2015, linachepetsa ana mwadzidzidzi, ndipo mabanja anayamba kusunga zambiri, mpaka kupitirira 30 peresenti ya zopeza zawo. Modigliani mwiniwake, polemba ndi Shi Larry Cao mu 2004, ananena kuti ana ochepa anachepetsa zolipira pakhomo n'kuchotsanso chiyembekezo chodzadalira ana. Kumapeto kwa m'ma 1990 boma linakonzanso makampani ake, anthu mamiliyoni anachotsedwa ntchito, ndipo nyumba, chipatala ndi sukulu zimene kampani inkapereka zinayamba kugulidwa. Marcos Chamon ndi Eswar Prasad anapeza kuti m'mizinda ya ku China osunga kwambiri anali mabanja a achinyamata ndi a achikulire, mosiyana ndi mmene ganizo lija limanenera. Shang-Jin Wei ndi Xiaobo Zhang anawonjezera chifukwa china chimene aliyense wodziwa za chikwati angachimve msanga: anyamata anachuluka kuposa atsikana, choncho makolo a mnyamata ankapikisana kuunjika ndalama ya nyumba kuti mwana wawo apeze mkazi.

South Korea ikuonetsa mbali yowawa. Mbadwo umene unamanga chuma cha dzikolo unathira ndalama zake m'maphunziro a ana ndi m'nyumba, poyembekezera kuti anawo adzawasamala. Penshoni ya boma inangoyamba mu 1988 ndipo inafikira anthu onse mu 1999, moti ambiri anasonkha zaka zochepa. Mwambo wosamala makolo unafooka penshoni isanakhwime, ndipo lero pafupifupi 40 peresenti ya okalamba a kumeneko amawerengedwa kuti ndi osauka poyerekeza ndi anzawo m'dzikomo, chiwerengero chokwera kwambiri pa maiko olemera a m'bungwe la OECD.

Malawi akadali dziko la ana ndi achinyamata, ndipo okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo sakwana 5 peresenti. Komabe mbali imodzi ya nkhaniyi yayamba kale kuno. Mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 6.7, kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza 4.4. Makolo athu ankati kupatsa n'kuika, ndipo kulera ana, kuphunzitsa mphwake ndi kuthandiza pa maliro kunalidi kusunga, kumene kunkabwezedwa munthu akafooka. Ana akamachepa n'kumwazikira ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, kuikako sikukhalanso kotsimikizika ngati kale. Lamulo la penshoni la 2011 linakakamiza olemba ntchito kusonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, koma linkafikira olembedwa ntchito okha, osati mlimi kapena wa geni. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amathandiza makomo osaukitsitsa, ambiri mwa iwo a okalamba, koma si penshoni ya aliyense. Banki m'khonde ndi chipereganyu zimathandiza pa feteleza ndi fizi, osati pa zaka 20 za ukalamba. Ndipo Mjapani ankatha kusiya ndalama m'dirowa chifukwa mitengo sinkakwera, pomwe wosunga makwacha anaona ndalama yake ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Amene akuika ndalama zake m'njerwa, m'malata ndi m'mbuzi sakulakwitsa masamu.

Tibwerere ku Japan. Ambiri ankaopa kuti mabanja akasiya kusunga, dziko lidzasowa ndalama zobwereketsa boma, limene ngongole yake ndi yoposa kawiri zonse zimene dzikolo limapanga pa chaka. Zimenezi sizinachitike, makamaka chifukwa chakuti kuyambira kumapeto kwa m'ma 1990 makampani ndiwo anasanduka osunga, kubweza ngongole ndi kuunjika phindu m'malo momanga mafakitale atsopano m'dziko limene ogula akuchepa. Banki yaikulu ya dzikolo nayo inagula gawo lalikulu la ngongole ya boma. Choncho vuto lenileni silinakhale kuchepa kwa ndalama, koma kuti zili m'manja mwa yani ndipo zikuchita chiyani.

Zimene boma likuchita zikutsata mfundo yomweyo. Kusintha kwa malamulo a penshoni mu 2004 kunaika njira yoti penshoni izikwera pang'onopang'ono kuposa mitengo ndi malipiro pamene osonkha akuchepa. Makampani akukakamizidwa kupereka ntchito kwa wofuna mpaka zaka 65, ndipo kuyambira mu 2021 akupemphedwa kuyesetsa mpaka 70. Anthu oposa 9 miliyoni a zaka 65 kupita m'tsogolo ali pa ntchito, kuphatikizapo oposa theka la a zaka 65 mpaka 69, ndipo chaka chilichonse chimene munthu akugwirabe ntchito ndi chaka chimene sakutapa. Maakaunti a NISA, ogulira masheya popanda kudulidwa msonkho pa phindu, anayamba mu 2014 n'kukulitsidwa mu 2024, ndipo akopa achinyamata ambiri. Chomwe chathandiza kwambiri kusuntha maganizo a anthu si malonda a boma koma mitengo, imene inayamba kukwera mu 2022 patapita zaka zambiri itangoima. Ndalama ya m'dirowa tsopano ikuchepa mphamvu chaka ndi chaka.

Mayeso aakulu akubwera ndi ana a gulu lija la m'ma 1940. Iwo anabadwa kuyambira 1971 mpaka 1974, oposa 2 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ambiri anamaliza sukulu pa nthawi yomwe makampani anali atatseka zitseko. Amene anakhala zaka zambiri pa maganyu sanasonkhe mokwanira ku penshoni ya olembedwa ntchito, ambiri alibe nyumba yawoyawo, ndipo osakwatira achuluka pakati pawo kuposa m'mibadwo ya m'mbuyo. Makolo awo anakalamba ali ndi chotapa. Ena mwa iwowa adzadalira chuma chamasiye, ndipo amene makolo awo alibe chosiya adzadalira thandizo la boma, limene ngakhale lero oposa theka la makomo olilandira ndi a okalamba. Gulu limeneli liyamba kukwanitsa zaka 65 mu 2036.